Timabokosi ta malume

Malume anga a ku Kawale sagula nyuzipepala, koma sasowa choŵerenga. Mayi wogulitsa usipa pamsika akaŵakulungira ndiwo m'chidutswa cha The Nation kapena The Daily Times, iwo amayamba ayang'ana ngati muli crossword, timabokosi takuda ndi toyera tija tomwe Arthur Wynne anayambitsa ku New York mu 1913. Usipa umadikira.

Amati ndi ndagi ya azungu, kungoti palibe woyankha kuti "gize", ndipo ukalephera palibe woti umupatse ng'ombe za pakamwa kuti akuululire yankho. Yankholo limatuluka maŵa, m'nyuzi imene pofika nthaŵi imeneyo yakulungira kale tchipisi cha munthu wina ku Biwi.

Tsiku lina ndinaŵauza kuti Chicheŵa chikanaŵazunguza kuposa Chingerezi. Malembo asanu: "kamba". Kodi ndi nyama yachigoba ija, chakudya cha paulendo, kapena akukuuzani kuti muyankhule? Nanga "mtengo", wa mango kapena wa shuga?

"Mphwanga," anatero akunyambita pensulo, "wa shugawo sungakwane m'timabokosi."

Funso lachinayi lotsika pansi linali litadyedwa ndi mafuta.