Digiri ilipo, mpando palibe

Mwana wa mlongo wanga wamaliza maphunziro ku UNZA, wapeza kantchito, ndipo akuchita lendi kachipinda ku Kafue Estates, kuja kunkakhala antchito masiku amene Nitrogen Chemicals ndi Kafue Textiles ankadyetsa tawuni yonse. Asanagule ngakhale supuni, akuchezera pa Pinterest kusankha maonekedwe a nyumba. Akuti mtima wake wagwa pa za ku Scandinavia: makoma oyera mbee, katundu wochepa.

Katundu wochepayo ndiye ali naye kale: matiresi pansi, mbaula, ndowa ziwiri. Anzathu a ku Sweden amataya ndalama zambiri kuti chipinda chioneke chopanda kanthu chonchi, iye wazipeza ulere.

Eni nyumba akaniza penti, akanizanso kukhoma misomali, moti digiri yangotsamira khoma ili pansi. Makatani a pachithunzi aja adikire kaye malipiro, chitenje cha amayi ake chatchinga zenera bwinobwino. Koma Pinterest sinamuuze kuti pafupi ndi mtsinje wa Kafue mwini mapulani ndi udzudzu. Ndiwo ukulamula poyala matiresi ndi popachika neti, eni nyumba afune asafune.