Nyumba ya mizukwa ya mwini danga lino

Mwini danga lino ndi munthu amene amathamanga podutsa pamanda ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Komatu masiku ano wadzipatsa ntchito yoopseza anzake: akumanga nyumba ya mizukwa pakompyuta, yoti tsiku lina idzalowe m'magemu.

Chida chake ndi Blender, pulogalamu imene anaiyambitsa Ton Roosendaal wa ku Netherlands. Chinamukoka n'chakuti ndi yaulere. Ukaitsegula imakupatsa kabokosi kamodzi kotuwa, nyale imodzi ndi kamera imodzi. Kabokosi komweko akatswiri amakakoka ndi kukadula mpaka pamatuluka makoma, masitepe ndi zitseko, kenako makomawo amawaveka zithunzi za ming'alu, ndere ndi dzimbiri. Mkulu wathuyu anachita zonsezi, n'kupachika mababu m'chipinda chilichonse kuti thukuta lake lioneke bwino.

Mwana wake wamkazi anasuzumira, n'kufunsa: "Adadi, nyumba imeneyi lendi yake ndi zingati?"

Koma eni ntchito yoopseza saonetsa zonse, amabisa. PlayStation yoyamba inali ndi memori ya 2 MB basi, moti sikanatha kujambula tauni yonse nthawi imodzi. Potulutsa Silent Hill mu 1999, a kampani ya Konami ku Japan anakuta tauniyo ndi chifunga ndi mdima, makinawo n'kumajambula zapafupi zokha. Wosewera saona patali. Amangomva kawailesi kake kayamba kusokosera, chizindikiro chakuti chilombo chayandikira, koma chili mbali iti, kaya. Luso limeneli mwini danga amalidziwa, pakuti mpando wong'ambika wa pabalaza pake unafunda chitenje kalekale, ndipo alendo amayamikira chitenjecho.

A Capcom nawo anali ndi machenjera awo mu Resident Evil ya 1996, imene anatsogolera Shinji Mikami. Zipinda zinali zithunzi zojambuliratu, kamera yosasuntha, yoikidwa dala pamalo poti kubuula ukumve koma wobuulayo usamuone. Pochoka m'chipinda china kulowa china, chitseko chinkatseguka pang'onopang'ono mumdima. Mtima uli m'mwamba choncho, makina anali kungowerenga chipinda chotsatira pa CD.

Koma gemu imene inamukhalitsa chete mkuluyu ndi P.T. ya 2014, ya Hideo Kojima ndi Guillermo del Toro. Pafupifupi yonse imachitikira m'khonde limodzi la mkati mwa nyumba, lokhota ngati chilembo cha L. Ukafika kumapeto n'kutsegula chitseko, umapezeka wabwerera poyambira, koma kanthu kena kasintha: bafa latseguka lokha, nyale yafiira, khanda likulira. Anthu akuluakulu ankataya rimoti. Koma mwini danga anamanga zipinda khumi ndi khitchini yomwe, ndipo palibe ngakhale mmodzi anaphethira.

Ndiye anazimitsa mababu aja n'kuthira chifunga chambiri. Fani ya laputopu inalira, ntchafu zinatentha, chithunzi chinauma gwa. Mantha enieni anabwera apa, chifukwa laputopuyo ndi yobwereka kwa mlamu wake.

Yatsala nkhani ya mzukwa weniweniwo. Anaupatsa mano aatali ndi maso ofiira, koma mutu unatuluka wozungulira, masaya onenepa. Ana a aneba anaukonda, ndipo mmodzi wapempha kuti audinde pa keke ya tsiku lake lobadwa.

Chimene chikumulimbitsa mtima ndi mbiri ya Scott Cawthon wa ku America. Iyeyu anapanga gemu ya ana yotchedwa Chipper & Sons Lumber Co., anthu n'kuiseka kuti tinyama take tikuoneka ngati zidole zamakina zochititsa nthumanzi. Bamboyo anatola chitonzocho, n'kupanga Five Nights at Freddy's mu 2014, gemu yoopsa ya zidole zotere, imene pofika 2023 inali itasanduka filimu.

Mwini danga waona kuti njira yake ndi yomweyo. Wasiya mizukwa, tsopano akuumba kalulu womwetulira wophunzitsa ana a mkaka kuwerenga. Makutu akhala bwino, koma maso akana kulowa m'malo mwake ndipo mano achuluka. Mayi a kunyumba anamuona kaluluyo usiku popita kukamwa madzi. Anati, "Bambo a Chisomo, chinthu chimenechi sichigona m'nyumba muno," ndipo laputopu inakagona kwa mwini wake.