Makina a CD ndi a DVD: oyimba bwino ndi ati?

Makina a CD amadziwa ntchito imodzi yokha, yoyimba nyimbo. Anayamba kugulitsidwa mu 1982, makampani a Sony ndi Philips atagwirizana za kapangidwe ka chimbalecho. A DVD anabwera mu 1996. Amaonetsa mafilimu, komanso amayimba zimbale za CD mosanyinyirika. Mpake kuti ogula amafunsa chifukwa chotayira ndalama pa makina awiri.

Kusiyana kumaonekera chimbale chikangolowa. A CD sachedwa kuyamba kuyimba, ndipo nambala ya nyimbo imaoneka pakagalasi ka kutsogolo. A DVD amayamba aganiza kaye ngati alandira filimu, zithunzi kapena nyimbo, alendo ali duu kudikira. Ena otchipa alibe ndi kagalasi komwe, moti wofuna nyimbo yachisanu amayatsa TV kuti ayione ndi maso asanaimve. Limoti ikalowa kunsi kwa mpando, phwando limaima, pakuti mabatani a pamakinawo ndi owerengeka.

Mkangano waukulu uli pa kamvekedwe. Manambala a pachimbale sasintha: mawu anayezedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse. Chosiyana ndi kachipangizo kosandutsa manambalawo kukhala mawu, ndipo m'makina a CD odula kamapangidwa mosamala. Koma masipika akakhala ong'ambika, kusiyanako amakumva ndi yekhayo amene analipira ndalama.

Choncho wokonda nyimbo zokha, wokhala ndi masipika abwino, amayenera makina a CD. M'nyumba ya ana okonda makatuni, kholo silifunsidwa maganizo, limangouzidwa tsiku lokagula DVD.