Kufunsira malo kwa maloya a ku London

Ku England, wofuna kukhala loya wa mtundu wa solicitor sangodalira digiri. Kuyambira mu 2021 kuli mayeso a SQE, ndipo bungwe la Solicitors Regulation Authority limafunanso kuti munthu aphunzire ntchito zaka ziwiri. Palibe cholakwika pamenepa. Kungoti makampani akuluakulu a maloya ku London, asanakupatse malo ophunzirirapo ntchitoyo, amakonda kuti ukhaleko nawo kaye sabata imodzi kapena ziwiri patchuthi. Ndiye kuti akulole masabata amenewo, fomu imakufunsa mwaulemu kuti ntchito ya zamalamulo unaigwirapo kuti. Ine mbuli ndinkayesa munthu amapita kukaphunzira chimene sachidziwa.

Funso lokoma ndi lija lakuti: mwasankhiranji kampani yathu? Mwana wa eniake, amene wagogoda pa makampani onse a mumsewuwo, amalumbirira iliyonse kuti mtima wake unagwa pa iyo yokha akadali kusekondale. Mnyamata wofunsira mbeta za mudzi wonse ndi mawu amodzimodzi, ankhoswe akanamupirikitsa. Ku London amati ndi wakhama. Kampani nayo siichita manyazi. Onse olephera imawatumizira kalata imodzi, yodandaula kwambiri kuti ofunsira anachuluka, ndipo onse anali anzeru zedi.

Masiku ano ophunzira ena makalata ofunsira malowa akumalembetsa kwa kompyuta, makampani ena n'kumasefa ofunsira ndi kompyutanso. Pa onsewa, amene wakwanitsa kale zaka ziwiri zija ndi kompyutayo, kwangotsala kuilumbiritsa.