Mitu itatu m'chipinda chimodzi ku Diepsloot

Achimwene,

Mng'ono wanu ali moyo, kungoti mutu wake unali pa tchuthi. M'kachipinda kamalata komwe amagona ndi anzake awiri kuno ku Diepsloot, onse atatu agundidwa mitu chaka chino, aliyense mwa njira yake. Kuchira kwake ndiye kwasiyana ngati mitengo ya fodya ku Chinkhoma: tsamba lomwelo, koma wina akuseka wina akulira.

Wanuyu anaombana mitu ndi goloboyi wa ku Zimbabwe pa mpira wa Lamlungu. Sanakomoke, ankangofunsa mobwerezabwereza kuti akuchinya ndani. Adokotala anati ubongo wagwedezeka m'chigaza, ndipo ambiri ovulala chotere sakomoka n'komwe. Anamulamula kupuma tsiku limodzi kapena awiri, kenako kumayendayenda pang'ono, koma mpira ndi mowa ayi. Lamulo la mowalo linamuwawa kuposa chotupa. Pamasabata awiri, nthawi yomwe akuluakulu ambiri amachirira, anali atabwerera kukatchetcha kapinga kwa abwana.

Mnzake wa ku Mangochi anali mu taxi yomwe inagundidwa kumbuyo pa maloboti. Patha miyezi iwiri, koma mukamuitana amatembenuka thupi lonse, mapazi omwe. Mphamvu ya galimoto sithera m'mutu mokha, imapotokola khosi ndi msana, ndipo litsipa lina ndi chizungulire zimachokera m'khosimo. Panado yekha sangazithe, pamafunika mafizo.

Wachitatu, wa ku Mzimba, ndiye sasekedwa. Matsotsi anamumenya ndi chitako cha mfuti n'kumulanda foni. Bala linapola msanga, makina ounikira m'mutu sanaonetse kanthu, koma tulo kulibe. Lata likangothetheka usiku, iye wadzuka kale, nsapato kumanja. Kafukufuku wa ku America yemwe anatuluka mu 2019 anapeza kuti patatha miyezi 6, munthu mmodzi mwa asanu ovulala mutu chotere amavutikabe ndi mantha osatha kapena kukhumudwa, ndipo ochita kumenyedwa ndi amene ali pachiopsezo chachikulu. Woombana pa mpira amakwiyira goloboyi n'kuiwala. Womenyedwa amadutsa tsiku lililonse pakona pomwe anamugwetsera.

Musaganize kuti zamasewera n'zachibwana. Anthu akuno amakumbukirabe Pat Lambie, katswiri wa rugby wa Springboks, yemwe anaombana ndi CJ Stander wa timu ya Ireland pa bwalo la Newlands mu June 2016. Anagundidwanso maulendo ena, mpaka anasiya masewera mu January 2019 ali ndi zaka 28 zokha. Madokotala anali nawo, ndalama anali nazo, mutu unakana.

Tsono nkhani yomwe yalembetsa kalatayi ndi ya bambo. Zamveka kuti anagwa m'chigafa uku akupachika ndawala za fodya kwathu ku Simlembako, anadzuka, anasasa fumbi, n'kupempha nsima. Nonse mwati achira. Achimwene, mutu wa munthu wamkulu ndi wina. Ubongo umachepa ndi ukalamba, timitsempha ta pamwamba pake timakokeka, ndipo kamodzi kakang'ambika magazi amadontha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza. Vuto limatha kuonekera patatha masabata, anthu ataiwala zoti munthu anagwa. Okonda kachasu ndiye zimawapeza msanga, ndipo bambo mukuwadziwa.

Mukaona akugona kwambiri, akusanza, akukoka mwendo, akusokoneza mawu kapena akuitana mlamu ndi dzina la malemu agogo, musathamangire kuloza azakhali chala. Pitani nawo kuchipatala cha boma ku Kasungu tsiku lomwelo, mukanene kuti anagwa liti. Akakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe, pitani. Asakwerenso m'chigafa, ndipo pa kabaza wa njinga yamoto avale chipewa cholimba chija, ngakhale amati chimanunkha thukuta la eni ake.

Ndalama yatumizidwa pa Mukuru. Ndi ya thiransipoti ya bambo, si ya feteleza.

Mng'ono wanu,
ku Joni