Mmene mungasankhire linebacker osataya nthawi kumuonera akusewera

Ngati mukufuna ntchito yoti muzilakwitsa chaka ndi chaka malipiro osadulidwa, pitani ku America mukakhale mlenje wa osewera mu ligi ya NFL. Mudzayendayenda m'makoleji kuyang'ana anyamata a mpira wawo uja wa zipewa zolimba, wosongoka uku ndi uku, wothamanga nawo m'manja, kenako n'kukauza mabwana kuti mamiliyoni tim'patse uyu. Lero tikuphunzitsani za linebacker.

Poyamba idziweni ntchito yake, kuti mukaiiwale bwino. Pa osewera 11 otchinga, kutsogolo kumakhala zimphona zokankhana, kumbuyo kumakhala aliwiro olondera olandira mpira, ndipo linebacker amaima pakati. Mpira ukangosuntha, sekondi isanathe ayenera kudziwa ngati adani athamanga nawo kapena auponya. Akaponda phazi limodzi kolakwika, munthu wadutsa kale. Wapakati penipeni, amene amam'tcha Mike, nthawi zambiri ndiye amavala chipewa cha kadontho kobiriwira, chokhala ndi wailesi yomvera mphunzitsi, n'kumauza anzake poti aime. Ndiye kuti ntchitoyi ndi ya maso ndi mutu. Koma za m'mutu zilibe tepi yoyezera, choncho zisiyeni.

Inu kwerani ndege ya ku Indianapolis, kumene kuyambira mu 1987 kumachitikira chionetsero chotchedwa Combine. Kumapeto kwa Febuluwale kumabwera anyamata oposa 300. Mnyamata wanu avule atsale ndi kabudula. Muyezeni msinkhu, mkono, ndi chikhatho kuchokera pa chala chachikulu mpaka pa kachala kakang'ono. Agone chagada akankhe chitsulo cha mapaundi 225, omwe ndi makilogalamu 102, mpaka manja akane. Musafunse kuti pabwalo adzagona liti chagada, chifukwa linebacker akagona chagada ndiye kuti zinthu zaipa kale. Akadzuka athamange mayadi 40, pafupifupi mamita 37, mowongoka, wopanda chipewa, wopanda wom'tchinga, wopanda womunamiza. Zonsezi n'zosasiyana ndi kugogoda chivwende pamsika: zomwe mwamva zilibe ntchito, chofunika ndi nkhope imene mwaonetsa pogogodapo. Kwinyani chipumi, lembani kenakake m'kabuku.

Manambala akakhala okongola, musazengereze. Tengerani chitsanzo pa Philadelphia Eagles mu 1995. Mike Mamula wa ku Boston College anachenjera: anaona kuti mayeso a ku Combine ndi omwe omwe chaka chilichonse, ndiye anawakonzekera mwapadera, tsiku litafika n'kuwakhoza mochititsa kaso. A Eagles mtima unawadumpha. Anapereka kwa Tampa Bay Buccaneers malo awo a nambala 12 mu Draft, mwambo umene matimu amasankhira osewera atsopano motsatizana, n'kuwonjezerapo malo awiri a mu raundi yachiwiri, kuti akwere pa nambala 7 asam'phonye Mamula. A Tampa Bay, osauka inu, anangotolera zotsala. Pa nambala 12 anatenga Warren Sapp, ndipo atasinthanitsanso malo ndi Dallas anatenga linebacker Derrick Brooks pa nambala 28. Sapp ndi Brooks onse lero ali mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a mpirawu, ku Canton, Ohio. Mamula sanali woipa ayi, anasewera ndithu, koma 2000 chinali chaka chake chomaliza. Phunziro lake n'lakuti wotchi ya a Eagles inali yolondola.

Wamfupi yense m'chotseni pamndandanda, ndipo musachite manyazi. Sam Mills anali wa mamita 1.75 okha. Palibe timu imene inam'sankha mu 1981, a Cleveland Browns anamuyesa n'kumubweza, ku Canada nakonso a Toronto Argonauts anam'kana. Zoti pambuyo pake anakasautsa anthu ku New Orleans ndi ku Carolina mpaka kulowa mu Hall of Fame mu 2022, imeneyo ndi nkhani yake, inu munayeza bwino. Zach Thomas wa ku Texas Tech anadikira mpaka raundi yachisanu mu 1996 pa mlandu womwewo wa msinkhu, ndipo naye analowa ku Canton mu 2023. London Fletcher anachokera ku kakoleji kakang'ono ka John Carroll, osasankhidwa ndi aliyense mu 1998, n'kusewera zaka 16 osajomba masewera ngakhale amodzi. Anthu otere ndi amwano, salemekeza tepi.

Wochedwa liwiro m'kaneninso, koma m'kaneni mochenjera. Vontaze Burfict wa ku Arizona State anathamanga mayadi 40 aja m'masekondi 5.09 mu 2012, liwiro loyenera zimphona zakutsogolo, ndipo anali kale ndi mbiri ya ukali pabwalo. Maraundi onse 7 anatha dzina lake osamveka. A Cincinnati Bengals anam'tola pambuyo pake, ndipo mu 2013 anagwetsa anthu ambiri kuposa wina aliyense mu ligi yonse. Patapita zaka ligi inam'letsa kusewera kangapo chifukwa chogunda anzake moopsa. Uyu ndiye wosewera amene mlenje aliyense amam'pempherera, chifukwa amene anam'kana ndi amene anam'funa onse amati tinanena ife.

Mukafuna kugona tulo tabwino, sankhani wa mphoto. Chaka chilichonse linebacker wopambana onse m'makoleji amalandira Butkus Award. Mu 2008 anailandira Aaron Curry wa ku Wake Forest: wamtali bwino, waliwiro, waulemu, wopanda chilema. Akadaulo ambiri anagwirizana kuti pa anyamata onse a chaka chimenecho, amene timu singalakwitse pomutenga ndi iyeyu. A Seattle Seahawks anam'tenga pa nambala 4 mu 2009, n'kumulonjeza madola 34 miliyoni oti alandire zivute zitani. Mu 2011 anam'pereka ku Oakland Raiders posinthana ndi malo a kumapeto kwa Draft, ndipo mu 2013 anasiya mpira. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti mumalakwa pagulu. Bwana sangachotse ntchito munthu mmodzi pa cholakwa cha dziko lonse.

Za mutu zija, ngati chikumbumtima chikukuvutani, ku Combine mwapatsidwa mphindi zosakwana 20 zocheza ndi mnyamatayo m'kachipinda. Zimenezo n'zokwanira kudziwa mtima wa munthu. Kale kunalinso mayeso a Wonderlic, mafunso 50 m'mphindi 12, koma mu 2022 ligi inawachotsa ku Combine, ndiye mudzangodalira mmene wakugwirirani chanza.

Tsopano lipoti, pamene pagona mchere wa ntchito yonse. Chiganizo chilichonse chikhale ndi khomo lothawira. Lembani kuti ali ndi liwiro koma chiuno n'chouma, amanunkhiza mpira koma nthawi zina amanunkhiza kolakwika, angathe kudzakhala katswiri akapeza mphunzitsi woyenera. Akakanika, wolakwa ndi mphunzitsi. Musaiwale kumuyerekeza ndi linebacker wotchuka Ray Lewis, chifukwa lipoti lopanda Ray Lewis mabwana saliwerenga. Ingosamalani kuti asakumbukire zoti mu 1996 Lewis yemweyo ankanenedwa kuti ndi wochepa thupi, ndipo osewera 25 anatchulidwa iye akadali pampando, a Baltimore Ravens asanam'tenge.

Alipo alenje ena amene amadzitsekera m'chipinda usiku wonse ndi makanema a masewera a kukoleji, kubwereza kachigawo kamodzi kakhumi kuti aone kumene phazi loyamba la mnyamatayo likupita, ngati amapusitsika quarterback, woponya mpira wa adani, akanamizira kupereka mpira, ndi ngati amatha kudzichotsa m'manja mwa chimphona chom'tchinga. Amenewo musakhale nawo pafupi. Maso awo ndi ofiira, ndipo pa wailesi yakanema sawaitana.

Matimu ndi 32, maraundi ndi 7, ndipo Draft yotsatira ili mu Epulo. Nthawi ilipo yokwanira yoti mugule wotchi, tepi ndi kabuku.