Njira Yachidule Yokhalira Nyakwawa ya Mbira

Mwana walira sabata yathunthu kuti akufuna mbira, ndipo mwagonja. Mwachita bwino. Tsopano tcherani khutu kwa ine amene ndinayamba ndi ziwiri, chaka chisanathe n'kumalawirira kudambo kukamweta udzu ngati ndili ndi ng'ombe zamkaka.

Pogula, khulupirirani wogulitsa. Akati, "Zonsezi n'zazikazi, bwana," perekani ndalama muzipita. Okonda mikangano ndi amene amaitembenuza mbira n'kuona kuti yaikazi kumunsi kwake kumaoneka ngati chilembo Y, pomwe yaimuna ukasindikiza pang'ono ndi chala, umboni umatulukira poyera. Inu ndinu munthu waulemu wanu, simusuzumira zoterozo. Ingodikirani masiku 59 mpaka 72, yankho lidzabwera lokha, kawirikawiri awiri, atatu kapena anayi. Ndipo ana a mbira sabadwa ofiira ndi osaona ngati a mbewa. Amatuluka ali ndi ubweya, maso ali tong'o, mano ali m'kamwa, ndipo pasanathe masiku ayamba kale kulimbirana kholowa ndi akuluakulu.

Mayi akachira, bambo musawachotse m'khola. Banja mulilekanitsirenji pa nthawi yachisangalalo? Kungoti mbira sizidziwa za chikuta. Pakangopita maola ochepa chiberekere, yaikazi imatha kutenganso bere, ndipo bambo aja sadikira kuti anamkungwi awalole. Ndiye mayi aziyamwitsa awa ena ali m'mimba, aziwonda, ubweya uzithothoka, inu muzidandaula kuti mwina wina wawalodza.

Tiana tija tisiyeni pamodzi, si makanda kodi? Inde, makanda. Koma kamphongo ka milungu itatu kapena inayi kamatha kupereka bere, ndipo sikafunsa kuti awa ndi amayi, uyu ndi mlongo. Kakakazi nako kangatenge bere kali ndi mwezi umodzi wokha, thupi lisanakhwime. Makolo athu pomanga mphala ya anyamata uko, kuka kwa atsikana uku, sankasewera ndi udzu wofolera. Alimi amantha amatsanzira zomwezo: milungu itatu ikakwana, tianyamata tonse kumphala. Koma amenewo safuna unyakwawa.

Mwina mwachita mantha kale, mukuti bola kusunga imodzi. Sungani. Ikangokhala duu pakona, osalira, osadya bwino, muziti ndi yofatsa, inaleredwa bwino. Kwawo kwa nyamazi ndi ku mapiri a Andes, ku Peru, Bolivia ndi Ecuador, ndipo chikhalire n'zoyenda m'magulu. Ku Switzerland, kuyambira mu 2008, lamulo sililola kuweta mbira imodzi yokha. Tangoganizani, boma lathunthu kukhala pansi kukambirana za kusungulumwa kwa kanyama kopanda ndi mchira komwe! Anthu okhuta amapeza zochita.

Ngati kwanu wailesi yakanema inafa ndipo mukusowa choonera madzulo, ikani amphongo awiri ndi mkazi mmodzi. Pamenepa ndiye pali nkhani. Amphongo awiri paokha, makamaka okulira limodzi kapena wamkulu ndi kamnyamata, amatha kukhala bwinobwino. Amayamba ndi mwambo wawo: wina kuyenda monyang'wa akugwedeza mbuyo, kukhosi kukumveka kulira ngati njinga yamoto ili patali, kenako kukwerana pamsana kuti adziwe mwini mudzi ndani. Zimenezo n'zabwinobwino, zisiyeni zithe zokha. Koma lowetsanipo mkazi, kapena ingoikani khola la akazi pafupi kuti fungo lizifika, muone ubale ukutha. Mano ayamba kugogoda, ubweya wa pakhosi uima, kenako chimpira cha ubweya chikugubuduzika pakhola. M'mawa mupeza wina khutu lang'ambika. Mukafuna kuleretsa, lowetsani dzanja lopanda kanthu, nanunso mulandire gawo lanu. Anzeru amaponyapo thaulo.

Mitala yokha ndiyo mbira zimaigwirizana nayo: mphongo mmodzi, akazi awiri kapena atatu. Wosafuna kuswetsa amapita naye mphongoyo kwa dokotala wa ziweto kukamufula. Inu mukatero, m'bwezereni kwa akazi ake tsiku lomwelo, asasowe omudwazika. Dokotala akakuuzani kuti mudikire milungu isanu ndi umodzi chifukwa mbewu zotsalira zimakhala zikadali zamoyo, muziti akufuna kukuopsezani. Mfule yobereka ana mudzaiona ndi maso anu, ndipo anansi adzabwera kudzaonerera.

Za khola musataye nazo ndalama. Amene amati mbira ziwiri zimafuna malo osachepera masentimita 120 m'litali ndi 60 m'lifupi, ndipo amphongo amafuna oposa pamenepo, sanaone kukongola kwa katoni ya sopo. Mbale ikhale imodzi, pobisala pakhale pamodzi, khomo lake limodzi, kuti wamphamvu azitsekereza mnzake mkatimo n'kumudyera chakudya. Pansi ikani waya, mapazi atupe. Mukabweretsa mbira ina, mlendoyo m'ponyeni m'khola la eni ake mosagogoda, m'malo mowakumanitsa pamalo achilendo kwa onse pali mulu wa udzu pakati. Ndipo ngati pali kalulu, m'phatikizeni. Mwendo wake wakumbuyo ungathyole mbira msana, ndipo amatha kunyamula tizilombo ta chifuwa timene iye sitimudwalitsa koma mbira timaipha. Koma poti onse amadya udzu, ndi pachibale basi.

Pali chimodzi chokha chimene sindingachite nacho nthabwala, chifukwa ndinachiona. Yaikazi imene yafika miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposa isanaberekepo, mafupa a m'chiuno mwake amatha kuuma osatseguka bwino, ndipo bere loyamba pa msinkhu umenewo lingaiphe pamodzi ndi ana. Mbeta yotereyi isiyeni ndi akazi anzake, musaipezere mwamuna.

Zina zonsezo tsatirani monga ndanenera, ndipo pofika Khirisimasi ana a m'dera lanu azidzakutchulani kuti agogo a mbira. Mwana amene analira uja adzakhala atatopa nazo pakutha mwezi, koma mbira yosamalidwa imakhala zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Noleranitu chikwakwa.